Mmene mungalowere maphunziro a masters a occupational hygiene, kuyambira pafomu mpaka pakafukufuku

Pali anthu ambiri amene amadzaza mafomu ofunsira malo pa maphunziro a masters a occupational hygiene, kulipira ndalama ya fomu, kudikira miyezi, kenako n'kulandira kalata yowakana. Ambiri mwa iwo si osakhoza ayi. Ali ndi digiri yabwino ya environmental health, chemistry, engineering kapena unamwino. Chimawagwetsa ndi chakuti liwu loti hygiene limawasokoneza, ndiye m'kalata yawo amadzaza nkhani za kusamba m'manja, zimbudzi ndi kolera. Wowerenga fomuyo amangoona ndime yoyamba n'kudziwa kuti munthuyu sakuidziwa ntchito imene akuifunsira.

Ntchito imeneyi ndi yoyeza. Mumayeza fumbi limene woswa miyala ya kwale akupuma, phokoso la m'chigayo, utsi wa owotcherera zitsulo, kutentha kumene odula nzimbe amagwiramo ntchito, mankhwala amene amatsalira pakhungu la opopera mbewu. Mukayeza mumanena ngati zapyola mlingo, kenako n'kupeza njira yozichepetsera munthu asanadwale. Dokotala amakumana ndi wogwira ntchito mapapo atawonongeka kale. Inu mukufuna kukhala munthu amene amafika zaka khumi matendawo asanayambe. Malangizo ali m'munsiwa ndi okuthandizani kulowa maphunzirowa ndi kutulukamo muli wodziwa kugwira ntchitoyo.

Zoti mukhale nazo musanayambe

- Satifiketi ya digiri yoyamba ndi transcript yoonetsa maphunziro onse ndi magiredi ake, zonse zodindidwa ndi yunivesite yanu
- Pasipoti yokhala ndi nthawi yokwanira zaka zonse za maphunziro
- CV yaifupi, masamba awiri, yotchula malo antchito amene munawayenderapo ndi zimene munayezako
- Anthu awiri okulemberani kalata zaumboni: mphunzitsi wanu wakale mmodzi, ndi mmodzi wokuyang'anirani kuntchito
- Zotsatira za mayeso a Chingerezi monga IELTS, ngati yunivesite ikuzifuna
- Laputopu yokhala ndi Excel, intaneti yodalirika, ndi njira yopitirizira ntchito magetsi akazima
- Kakyuleta ya sayansi yokhala ndi batani la log
- Kope limodzi lolembamo masiku otsekera mafomu ndi zonse zimene mwatumiza
- Ndalama zapadera za fomu, zodindira mapepala ndi mayeso, chifukwa izi palibe amene amakulipirirani

Gawo 1: Tsimikizani kuti maphunziro mukufuna ndi amenewa

Pali maphunziro anayi oyandikana amene anthu amawasakaniza. Occupational safety imalimbana ndi ngozi zadzidzidzi: kugwa pamakwerero, kudulidwa chala ndi makina, moto. Occupational medicine ndi ya madokotala, yopima ndi kuchiza. Public health imaona umoyo wa anthu onse m'dera. Occupational hygiene imaona zinthu zimene zimapha pang'onopang'ono, tsiku ndi tsiku, munthu akungoona ngati ali bwino. Ku United States dzina lake ndi industrial hygiene, ndipo mayunivesite ena masiku ano akuitcha exposure science. Pofufuza pa intaneti lembani mayina atatu onsewa, apo ayi muphonya maphunziro abwino.

Chenjezo: musakhutire ndi dzina la digiri. Tsegulani mndandanda wa maphunziro ake. Ngati simukuonamo kuyeza mpweya, toxicology (mmene zinthu zapoizoni zimavulazira thupi), phokoso, kutentha, ventilation (kayendetsedwe ka mpweya pamalo antchito) ndi statistics, ndiye kuti ndi maphunziro a kayendetsedwe ka chitetezo pantchito, ngakhale dzina litakhala lokongola chotani.

Gawo 2: Dziyeseni masamu muli kunyumba

Apa ndi pamene ambiri amazemba, koma ndi pamene ndikukupemphani kuti mukhalitsepo. Masamu a ntchitoyi si ovuta, koma sathawika. Tengani pepala muyese mafunso atatu awa.

Loyamba ndi la fumbi. Munthu wagwira ntchito maola 3 pamakina oswera miyala pamene fumbi la silica (fumbi losalala lochokera m'miyala ndi mchenga) linali 0.2 mg/m³, kutanthauza mamiligalamu a fumbi mu kiyubiki mita imodzi ya mpweya, ndi maola 5 pamalo ena pamene linali 0.02 mg/m³. Kodi pa maola 8 onse wapuma lochuluka bwanji? Chulukitsani mlingo uliwonse ndi maola ake: 0.6 ndi 0.1. Phatikizani, mupeza 0.7. Gawani ndi 8, yankho ndi 0.0875 mg/m³. Tsopano taonani chimene chimapangitsa ntchitoyi kukhala yofuna kuganiza. Ku Britain malire a fumbi limeneli ndi 0.1, choncho munthuyu ali pansi pa malire. Ku United States ndi ku Australia malire ndi 0.05, choncho munthu yemweyu wapyola kwambiri. Mapapo ake ndi omwewo. Maphunziro a masters amakuphunzitsani choti muwauze abwana a kampani zinthu zikakhala chonchi.

Lachiwiri ndi la phokoso. Makina awiri, aliwonse otulutsa 90 dB (ma decibel, muyeso wa phokoso), akayatsidwa pamodzi phokoso limakhala lotani? Amene wayankha 180 abwererenso ku ma logarithm. Yankho ndi 93 dB. Kuwonjezeka kwa 3 dB kumatanthauza kuti mphamvu ya phokoso yawirikiza kawiri, n'chifukwa chake m'mayiko ambiri ngati malire ndi 85 dB(A), ma decibel oyezedwa molingana ndi mmene khutu limamvera, pa maola 8, ndiye kuti 88 ndi ya maola 4, 91 ya maola 2, ndipo 94 ya ola limodzi lokha. Ganizirani mnyamata wa pachigayo amene amayima pafupi ndi injini kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa.

Lachitatu ndi la pampu. Pampu yoyezera fumbi ikukoka malita 2.2 pamphindi kwa maola 8. Yakoka mpweya wochuluka bwanji? Maola 8 ndi mphindi 480, choncho ndi malita 1,056, kapena 1.056 m³. Nambala imeneyi ndi imene mudzagawire kulemera kwa fumbi lotsalira pa fyuluta, kasefa kamene mpweyawo umadutsapo.

Ngati mafunsowa akuvutani, musataye mtima, koma musatumizenso fomu chaka chino. Patulani miyezi itatu mubwereze ma logarithm, kusintha mayuniti, ndi statistics yoyambirira. Dziwani makamaka kusiyana kwa mean wamba ndi geometric mean. Zotsatira za kuyeza fumbi sizikhala zofanana tsiku ndi tsiku. Masiku ambiri zimakhala zotsika, kenako tsiku limodzi n'kukwera kwambiri, ndipo tsiku limodzi limenelo limawonjezera kwambiri fumbi limene munthu wapuma.

Gawo 3: Gwirani pampu musanagwire fomu

Wofunsira malo amene anavekapo munthu pampu pa lamba, n'kumangirira paipi pafupi ndi kolala, amadziwika msanga pa kalembedwe kake. Pezani mwayi umenewu mwanjira iliyonse yoyenera.

Ku Malawi, nthambi yoona za chitetezo ndi umoyo pantchito ili pansi pa Unduna wa Zantchito, ndipo imagwira ntchito motsatira lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997. Ku Zambia kuli Occupational Health and Safety Institute ku Kitwe, yomwe yakhala ikupima ogwira ntchito m'migodi kwa zaka zambiri. Makampani a shuga, simenti, tiyi, fodya ndi migodi amakhala ndi maofesala oona za chitetezo. Lembani kalata yaulemu yopempha kuperekeza nawo tsiku limene akukayeza. Ngakhale mutangonyamula chikwama cha zipangizo ndi kulemba nthawi, mwaphunzirapo kanthu. Tsiku lililonse lotere lembani m'kope: malo, chimene chinayezedwa, chipangizo chake, maola, ndi zimene munaona.

Njira ina ndi maphunziro aafupi a bungwe la Occupational Hygiene Training Association, OHTA. Pali phunziro loyambira la nambala 201, ndi ena a nambala 501 mpaka 507 okhudza kuyeza mankhwala ndi fumbi, kutentha, phokoso, asbestos, njira zochepetsera zoopsa, ergonomics (kukonza ntchito kuti igwirizane ndi thupi la munthu) ndi mmene zinthuzi zimavulazira thupi. Lililonse limatenga pafupifupi sabata imodzi. Mabuku ake amapezeka pa intaneti kwaulere, ndiye ngakhale ndalama ya kalasi mulibe, koperani buku la 201 muliwerenge lonse. Lidzakuuzani msanga ngati ntchitoyi mukuikondadi.

Chenjezo: pulogalamu ya pafoni yoyezera phokoso ndi yabwino pophunzirira, koma musalembe mu CV kuti munachita noise survey ndi foni. Lembani zoona, kuti munaigwiritsa ntchito pongofuna kudziwa malo aphokoso kwambiri.

Gawo 4: Sankhani yunivesite poona kumene ikukufikitsani

Mayunivesite ophunzitsa maphunzirowa si ambiri. Ku South Africa kuli University of the Witwatersrand ku Johannesburg, kudzera ku School of Public Health, ndi North-West University ku Potchefstroom. Ku Britain kuli University of Manchester, imene ambiri amaphunzira nayo ali pantchito chifukwa maphunziro ochuluka amachitikira pa intaneti. Ku Australia kuli University of Wollongong ndi Edith Cowan University ku Perth. Ku United States kuli angapo, pansi pa dzina la industrial hygiene.

Musanasankhe, lemberani woyang'anira maphunzirowo mafunso anayi. Safunsa anadya phula.

1. Kodi digiriyi ndi yovomerezeka ndi bungwe la akatswiri a ntchitoyi m'dzikomo?
2. Ndi masiku angati amene wophunzira amagwira zipangizo ndi manja ake?
3. Kodi ndingachite kafukufuku wanga kwathu, ndipo zipangizo zingachokere kuti?
4. Ngati maphunziro ndi a pa intaneti, ndi kangati ndiyenera kufika pasukulupo?

Funso lachinayi ndi limene limakhumudwitsa anthu mochedwa. Munthu amawerengera fizi yokha, n'kuiwala kuti sabata imodzi yokafika pasukulu imafuna tikiti ya ndege, visa ndi malo ogona.

Maganizo anga ndi akuti kwa munthu amene adzagwire ntchito ku Malawi, Zambia kapena Mozambique, South Africa ndi yoyenera kuiganizira poyamba. Mavuto amene aphunzitsi akumeneko amawadziwa bwino, fumbi la silica, TB ya m'migodi, kutentha, phokoso, ndi omwewo amene ali kwathu. Ulendo wa basi ulipo. Komanso malinga ndi mgwirizano wa SADC pa zamaphunziro wa 1997, ophunzira ochokera m'mayiko a SADC amalipira fizi yofanana ndi ya eni dziko m'mayunivesite aboma, ngakhale pamakhala kandalama kena kowonjezera ka ophunzira akunja.

Gawo 5: Konzani mapepala miyezi isanu ndi umodzi nthawi isanakwane

Transcript imachedwa kutuluka kuposa mmene mukuganizira, choncho ipempheni lero. Onetsetsani kuti dzina lanu lalembedwa chimodzimodzi pa satifiketi, pa transcript ndi pa pasipoti. Ngati pali kusiyana ngakhale kwa chilembo chimodzi, kapena munasintha dzina mutakwatiwa, pezani kalata yolumbira yofotokoza zimenezo.

Ku South Africa digiri yakunja imayenera kuunikidwa ndi bungwe la SAQA, limene limanena mlingo wake. Kumeneko digiri ya zaka zitatu ili pa mlingo 7, honours pa 8, masters pa 9, ndipo kuti mulowe masters nthawi zambiri amafuna mlingo 8. Musangoganiza kuti poti munaphunzira zaka zinayi ndiye kuti muli pa 8. Dikirani satifiketi ya SAQA. Ikanena kuti muli pa 7, funsani za honours kapena postgraduate diploma ngati polowera.

Za Chingerezi, mayunivesite ena amavomera kalata yonena kuti digiri yanu munaiphunzira m'Chingerezi, ena amafuna IELTS basi. Zotsatira za IELTS zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha, ndiye musalembe msanga kwambiri. Kumbukiraninso kuti chaka cha maphunziro ku South Africa chimayamba kumayambiriro kwa chaka ndipo mafomu amatsekedwa chaka chapitacho, pamene ku Britain chimayamba mu Seputembala.

Gawo 6: Lembani kalata yofotokoza cholinga chanu

Kalata imeneyi ndi imene imasiyanitsa anthu a magiredi ofanana. Musayambe ndi mawu akuti kuyambira muli mwana munkafuna kuthandiza anthu. Yambani ndi malo amodzi antchito amene munawaona ndi maso anu.

Mwachitsanzo, fotokozani shedi yosankhiramo fodya: anthu angati, maola angati, fumbi likuoneka bwanji pakuwala kolowera pazenera, zotchinga kumphuno zimene anapatsidwa ndi zamtundu wanji, ndipo n'chifukwa chiyani amazivula dzuwa likatentha. Kenako nenani chimene munalephera kuyankha. Mwina munafunsidwa ngati fumbilo ndi loopsa, ndipo munalibe chipangizo kapena luso loyezera. Pamenepo ndi pamene pali chifukwa chanu chofunira digiriyi, ndipo wowerenga adzachikhulupirira.

Ndime yachiwiri ionetse kuti mukudziwa dongosolo lochepetsera zoopsa. Choyamba ndi kuchotseratu chinthu choopsacho, chikalephereka kusinthanitsa ndi china chosaopsa kwambiri, kenako kukonza makina ndi malo monga kuthira madzi poswa miyala kapena kuika chokoka utsi pamene ukutulukira, kenako kusintha kagwiridwe ka ntchito, ndipo zovala zodzitetezera zimabwera kumapeto. Wofunsira malo amene yankho lake pa vuto lililonse ndi kugawa mamasiki amaoneka kuti sanawerenge.

Ngati nkhani ya migodi ikukukhudzani, ilembeni mosaopa. Mabanja ambiri ku Malawi ali ndi agogo kapena atate amene anapita ku Joni pa Theba n'kubwera akutsokomola. Mlandu wa silicosis (matenda a mapapo obwera ndi fumbi la silica) ndi TB wa ogwira ntchito m'migodi ya golide ku South Africa unatha ndi mgwirizano wa ndalama zokwana R5 biliyoni, umene khoti linauvomereza mu 2019, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust ndi limene likulipira. Ndalamazo sizibweza mapapo a munthu. Fumbi limene linawadwalitsa ndi lomwelo limene amayi oswa miyala m'mbali mwa misewu ya Lilongwe ndi Blantyre akupuma lero, ena ali ndi mwana kumsana. Ngati mungathe kulumikiza ziwirizi m'ziganizo zitatu zomveka, kalata yanu yaima.

Malizani ndi zimene mudzachite mukabwerera, motchula ntchito yeniyeni. Tsamba limodzi ndi theka ndi lokwanira.

Chenjezo: anthu okulemberani umboni apatseni kalatayi ndi CV yanu milungu inayi tsiku lotsekera lisanafike. Mayunivesite ambiri amafuna kuti umboni uchokere pa imelo ya kuntchito kwa wolembayo, osati ya Gmail.

Gawo 7: Funani ndalama nthawi imodzi ndi malo

Musadikire kalata yokulandirani kuti muyambe kufuna thandizo, chifukwa masiku otsekera mafomu a thandizo nthawi zambiri amafika msanga. The Beit Trust imathandiza anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe pa maphunziro apamwamba. Canon Collins Trust imathandiza anthu a kummwera kwa Africa, makamaka ophunzira ku South Africa. Chevening ndi ya boma la Britain. Imafuna kuti mukhale mutagwirapo ntchito zaka ziwiri, maola osachepera 2,800, ndipo mukamaliza mubwerere kwanu kwa zaka ziwiri.

Chenjezo lalikulu: Chevening imalipirira masters ya chaka chimodzi yophunzirira ku Britain komweko. Maphunziro a pa intaneti ochita muli pantchito salowa. Anthu ena ataya chaka chathunthu chifukwa chosawerenga mzere umenewu.

Musaiwale abwana anu. Kampani imene imalipira akatswiri akunja kuti adzayeze fumbi ndi phokoso ikhoza kuona phindu lophunzitsa munthu wake. Apatseni pempho lolembedwa loonetsa mtengo wa maphunziro ndi ntchito zimene mudzayambe kugwira nokha. Akakuuzani kuti musayine mgwirizano wodzawagwirira zaka zingapo, uwerengeni wonse, makamaka ndime yonena za kubweza ndalama mukachoka.

Gawo 8: Visa

Yambani tsiku lomwe mwalandira kalata yokulandirani. South Africa imafuna kuti wophunzira wakunja akhale pa medical aid yolembetsedwa m'dzikomo. Britain imafuna satifiketi yoonetsa kuti munapimidwa TB kuchipatala chimene iwo anachivomereza ngati mukukhala ku Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique kapena South Africa. Zofunika zina zimasinthasintha, choncho tsatani zimene zili pa tsamba la boma la dzikolo sabata imene mukutumiza.

Gawo 9: Yambani kukonza kafukufuku teremu yoyamba

Ophunzira ambiri amakhoza makalasi. Chimene chimasunga anthu pasukulu zaka zowonjezera ndi kafukufuku, ndipo chifukwa chake kawirikawiri si nzeru koma dongosolo. Tsatani ndondomeko iyi.

Sankhani funso laling'ono. Kufufuza umoyo wa ogwira ntchito onse m'migodi ya dziko lonse simungakumalize. Kuyeza phokoso limene ogaya chimanga m'zigayo khumi za tauni imodzi amalandira pa tsiku mungathe, ndipo zotsatira zake zingagwire ntchito mawa lomwe. Mitu yotere ilipo yambiri: utsi wa owotcherera m'misika, kutentha kwa odula nzimbe ku Chikwawa kapena ku Dwangwa, chikonga cholowa pakhungu la othyola fodya wonyowa, fumbi la thonje, fumbi la matabwa kwa akalipentala.

Pezani chilolezo cha eni malo cholembedwa musanapereke mutu. Lonjezo lapakamwa la manijala limatha tsiku limene iye wasamutsidwa.

Pemphani chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku wokhudza anthu. Mudzafuna cha yunivesite yanu komanso cha dziko limene mukukayezako. Ku Malawi kuli National Health Sciences Research Committee, ndi komiti yotere ya ku Kamuzu University of Health Sciences. Izi zimatenga miyezi, ndipo simuloledwa kuyeza munthu ngakhale mmodzi chilolezo chisanatuluke. Fomu yopempha chilolezo cha wogwira ntchito imasulireni m'chinenero chake, ndipo mumuuze momveka kuti akhoza kukana popanda kuopa kuchotsedwa ntchito.

Dziwani kumene zipangizo ndi labotale zichokere. Mapampu amafuna chipangizo chowayesera kuti akukoka mpweya moyenera. Silica sayezedwa ndi sikelo yokha, amafuna makina apadera a m'labotale otchedwa XRD kapena infrared, ndipo mwina mudzayenera kutumiza mafyuluta kunja, monga ku National Institute for Occupational Health ku Johannesburg kapena ku labotale ina yovomerezeka. Funsani mtengo wa fyuluta imodzi, muchulukitse ndi chiwerengero chimene mukufuna, musanalonjeze supavaiza wanu chilichonse. Ngati ndalama sizikukwana, phokoso ndi kutentha ndi mitu yotchipirapo chifukwa chipangizo chimakupatsani nambala pomwepo.

Tsiku loyeza, yesani pampu musanayambe ndiponso mukamaliza. Ngati kakokedwe kasintha kupitirira 5 peresenti, zotsatira za fyuluta imeneyo sizodalirika. Nyamulani mafyuluta ena osagwiritsa ntchito amene ayende nanu ulendo wonse, kuti labotale ione ngati fumbi lina linalowa panjira. Tchajani mabatire usiku wake, muli ndi njira ina ngati magetsi atazima. Ndipo musamuveke munthu pampu n'kupita kukakhala mu ofesi. Khalani pomwepo, muzilemba zimene akuchita ola lililonse. Nambala yokwera imene simungathe kufotokoza chimene chinaikweza ilibe ntchito kwa wina aliyense.

Pomaliza bwererani kwa anthu amene munawayeza mukawauze zimene mwapeza, m'mawu amene angamve. Anakunyamulirani pampu tsiku lonse padzuwa, ndipo mapapo ndi makutu amene munayeza ndi awo.

Gawo 10: Lembetsani ku bungwe la akatswiri muli pasukulu

Digiri payokha sikupangani kukhala hygienist wovomerezeka. Kummwera kwa Africa kuno bungwe lake ndi Southern African Institute for Occupational Hygiene, SAIOH, ndipo lili ndi masitepe atatu: assistant, technologist, kenako hygienist. Sitepe iliyonse ili ndi mayeso ake, ndipo zapamwambazo zimafunanso zaka zogwira ntchito. Ku Britain kuli British Occupational Hygiene Society, ku Australia kuli Australian Institute of Occupational Hygienists, ndipo ku United States satifiketi yodziwika ndi Certified Industrial Hygienist, CIH. Bungwe la International Occupational Hygiene Association, lomwe linakhazikitsidwa mu 1987, limavomereza masatifiketi apamwamba a mabungwe amenewa, zomwe zimathandiza mukafuna ntchito kudziko lina.

Kope lija munayamba pa Gawo 3 lipitirizeni. Sungani lipoti lililonse limene munalemba kapena kuthandiza kulemba, mutachotsamo mayina a anthu, ndipo wokuyang'anirani azisayina. Pa mayeso apakamwa adzakufunsani za ntchito imene munagwira ndi manja anu.

Zolakwika zimene zimabwerezedwa kawirikawiri

Kutumiza kalata imodzi kumayunivesite onse. Nthawi zina dzina la yunivesite ina limatsalira m'kati. Iliyonse ilembereni yake, motchula phunziro limodzi kapena awiri a pamndandanda wawo.

Kubisa giredi yotsika ya chemistry kapena masamu. Transcript idzaonetsa ndithu. Ndi bwino kuitchula nokha m'chiganizo chimodzi n'kuonetsa zimene mwachita kuti mukonze, monga phunziro la OHTA limene munakhoza.

Kulipira anthu olonjeza kukupezerani malo kapena sikolashipu. Mafomu a mabungwe onse amene ndatchula mumadzaza nokha pa masamba awo.

Kuyamba maphunziro a pa intaneti osagwirizana ndi abwana ndi a kunyumba za nthawi. Maphunziro ochita muli pantchito amatenga zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo amadya madzulo ndi Loweruka. Kambiranani ndi akunyumba musanalipire fizi yoyamba, ndipo masiku a tchuthi cha mayeso alembedwe.

Kukopera ndime za m'mabuku kapena za pa intaneti. Mayunivesite amagwiritsa ntchito mapulogalamu monga Turnitin, ndipo chilango chake chikhoza kukhala kuchotsedwa sukulu.

Kutenga malire a dziko lina n'kuwalemba ngati lamulo la kwanu. Mu lipoti nenani momveka kuti nambala imene mukuyerekezera nayo yachokera kuti, ndi chifukwa chake mwasankha imeneyo.

Kuyeza munthu mmodzi tsiku limodzi n'kulemba kuti malowo ndi abwino. Mphepo imasintha, mtundu wa mwala umasintha, tsiku lina makina amodzi amakhala atawonongeka. Yezani anthu angapo ogwira ntchito yofanana, pa masiku osiyana, ndipo muphatikizepo tsiku limene ogwira ntchitowo akuuzani kuti fumbi limachuluka kwambiri, monga tsiku losesa kapena lokonza makina.